Mbuzi ya Mlandu Inachokera M'khola la Yani?

Akuluakulu akale anati mlandu suola. Munthu angathe kuthawira ku Joni nakhalako zaka khumi, koma tsiku limene adzabwera kwao adzapeza mlandu wake uli chikhalire, ukumdikira patsinde pa kachere. Tonsefe tidziwanso mmene mlandu uthera pabwalo la amfumu. Eni mlandu alankhula, mboni zinena zimene zinaona, nduna zifunsa mafunso, ndipo potsiriza amfumu agamula. Wolakwayo apita kukhola kwake, namasula mbuzi, nadzaipereka kwa iye amene anamlakwira. Akasowa, abale ake amsonkhera, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma m'midzi yathu yonse sitinamvepo kuti munthu amene ng'ombe za mnzake zinamdyera chimanga ndiye anatulutsa mbuzi m'khola lake kuti alipire mlandu wa mwini ng'ombezo. Atatero, anthu angati mutu wake sukuyenda bwino.

Mwezi uno tifuna kukambirana za mlandu umodzi umene unatha mwa njira yachilendo yomweyo. Ndiwo mlandu wa ife anthu pamaso pa Mulungu. Chikhristu chonse chaima pa nkhani imeneyi, kuti wolakwiridwayo ndiye anabwera nayo nsembe. Munthu akaimvetsa, apeza mpumulo. Akapanda kuimvetsa, angathe kukhala m'mpingo zaka makumi anai ali chilipirire ngongole imene inalipidwa kale.

Mlanduwo ndi wotani?

Ambiri a ife tikamva liu lakuti tchimo tiganiza za kuba, chigololo ndi kuledzera, ndiye kuti zinthu zimene zimafika ku seshoni. Malembo apita pansi kuposa pamenepo. Mfumu Davide anatenga mkazi wa mwini, naphetsa mwamuna wake Uriya kunkhondo. Anthu amene anawalakwira anali oonekeratu. Komabe m'pemphero lake la kulapa, Salmo 51, Davide aona kuti mwini mlandu weniweni ndiye Mulungu, pakuti Uriya ndi Batiseba anali anthu a Mulungu, ndipo lamulo limene linathyoledwa linali la Mulungu. Tchimo lililonse, lingakhale bodza la mwana kapena nsanje yobisika ya mkulu wa mpingo, lifika kwa Mlengi. Ndipo Paulo, pa Aroma 6:23, atiuza kuti malipiro ake ndiwo imfa.

Achinyamata athu kukalasi amafunsa funso labwino, limene sitiyenera kulithawa. Amati: ngati Mulungu ali wachikondi, analekeranji kungonena kuti zatha, ndakukhululukirani? Mwazi ulowapo bwanji?

Tiyeni tiganizire za mwana wa sukulu amene waswa galasi la zenera ndi mpira. Mphunzitsi wamkulu angathe kumchitira chifundo nati, pita mwana wanga, usadzachitenso. Mwanayo wakhululukidwa ndithu. Koma zenera lija lili chiswekere, ndipo mphepo ya mwezi wa Juni ilowabe. Wina ayenera kugula galasi, kapena ana onse a m'kalasimo apirire chisanu. Kukhululuka sikuchotsa mtengo wa chinthu, kungousamutsa kuchoka pa wolakwa kupita pa wokhululukayo. Mai aliyense amene analandiranso mwana wolowerera adziwa zimenezi, pakuti manyazi ndi misozi anazisenza ndiye.

Tiganizirenso za mfumu imene imamasula mbala iliyonse popanda mlandu. Mbalazo zingaitame kuti ndi yachifundo. Nanga mai wamasiye amene nkhokwe yake inapasulidwa usiku adzati chiyani? Adzati mfumu yathu siisamala za ife. Mulungu akanangotsinzina pa zoipa zonse zochitika pansi pano, akanakhala Mulungu wosasamala za olira. Chilungamo chake ndi mbali ina ya chikondi chake. Tsono funso lalikulu ndi ili: Mulungu angamasule bwanji wolakwa, Iye nakhalabe wolungama?

Sukulu ya nsembe

Mulungu sanayankhe funsoli tsiku limodzi. Anayamba walowetsa Aisraele m'sukulu ya zaka mazanamazana. Mwana wa Sitandade 1 aphunzira kuwerengera ndi timitengo ndi zitsekerero za mabotolo, kufikira tsiku limene nambala zikhazikika m'mutu mwake. Nsembe za Chipangano Chakale zinali timitengo totere.

Tsiku ndi tsiku ansembe ankapha anaankhosa awiri, wina m'mawa, wina madzulo (Eksodo 29). Wodziwa masamu aona kuti pachaka anali kupitirira 700, osawerengera nsembe za Sabata, za maphwando ndi za anthu paokha. Utsi wa paguwa sunaleke, ndipo mwana aliyense wa Mwisraele anakula akudziwa kuti tchimo lili ndi mtengo, ndi kuti mtengowo ndi moyo.

Koma phunziro lalikulu linali Tsiku la Chitetezero, limene tiliwerenga pa Levitiko 16. Linkachitika kamodzi pachaka, tsiku la 10 la mwezi wa 7. Tsiku limenelo lokha mkulu wa ansembe ankaloledwa kupyola nsalu yotchinga ndi kulowa m'Malo Opatulikitsa, mmene munali likasa la chipangano. Ankasamba thupi, navala zovala zabafuta m'malo mwa zovala zake zaulemerero. Asanapembedzere anthu ankayamba wapha ng'ombe yamphongo chifukwa cha machimo ake ndi a banja lake, pakuti iyenso anali wochimwa. Ankalowa ndi zofukiza kuti utsi uphimbe chivundikiro cha likasa, chimene Buku Lopatulika lichitcha chotetezerapo, kuopa kuti angafe.

Kenaka pankabwera mbuzi ziwiri, ndipo ankazichitira maere. Imodzi ankaipha, natenga mwazi wake kulowa nao mkati, nauwaza ndi chala pachotetezerapo ndi patsogolo pake. Inzakeyo inkaima yamoyo pamaso pa anthu. Mkulu wa ansembe ankasanjika manja ake onse awiri pamutu pake, naulula zolakwa zonse za mtundu wonse, ndipo munthu woikidwiratu ankaitsogolera kuchipululu, kutali, kumene sikukhala anthu. Taganizani khamu lija lili chete, likuyang'ana mbuzi ikuchepa m'maso mpaka kuzimirira kuseri kwa mapiri. Mbuzi yoyamba inawaphunzitsa kuti tchimo lilipidwa ndi moyo. Yachiwiri inawaphunzitsa kuti tchimo lolipidwa lichoka, ndipo silibweranso.

Pali mfundo imodzi imene ambiri timaidumpha powerenga. Pa Levitiko 17:11 Mulungu afotokoza kuti moyo wa nyama uli m'mwazi, ndipo anena kuti ndi Iye amene anaupereka mwaziwo kwa anthu ake kuti ukhale chowatetezera paguwa. Aisraele sanakhale pansi kupangana njira yonyengerera Mulungu wokwiya. Njirayo anaipereka ndi Mulungu mwini. Abrahamu anaphunzira zomwezi kale paphiri la ku Moriya. Isake anaona nkhuni ndi moto, nafunsa za mwanawankhosa, ndipo nkhosa imene inafa m'malo mwake tsiku lija sinachokere m'khola la Abrahamu. Anaipeza itakodwa ndi nyanga zake m'ziyangoyango, Mulungu ataikonzeratu (Genesis 22).

Komabe chaka chikatha mbuzi zina ziwiri zinkafunikanso. Kalata ya kwa Ahebri, mutu 10, inena poyera kuti mwazi wa ng'ombe ndi mbuzi sungathe kuchotsa machimo, ndi kuti kubwereza kwa chaka ndi chaka kunali chikumbutso chakuti mlandu ukadalipo. Mbuzi siidziwa chimene ikufera, ndiponso siinavomere. Moyo wa nyama sulingana ndi moyo wa munthu wolengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Timitengo tija tinali kuloza kwina.

Makolo athu ndi nsembe

Liu lakuti nsembe silinabwere ndi amishoni. Pamene anayamba ntchito ku Mvera mu 1889 analipeza kale m'kamwa mwa anthu, ndipo omasulira Baibulo analitenga momwemo. Mvula ikakana kapena nthenda ikagwa pamudzi, makolo athu ankapita ndi ufa ndi mowa patsinde pa mtengo kapena pakachisi. Kunalinso malo otchuka, monga kachisi wa ku Msinja wa Makewana ndi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, kumene anthu ankatumiza zopereka kuchokera kutali.

Tisawanyoze makolo athuwo. Anazindikira choona chimene anthu ena ophunzira a masiku ano anachiiwala, chakuti cholakwa chisokoneza mtendere pakati pa anthu ndi Mwini moyo, ndi kuti pafunika china chokonzera. Koma nsembe zao zonse zinkayenda njira imodzi, kuchokera pansi kupita kumwamba. Munthu ndiye ankafuna ufa, munthu ndiye ankafulula mowa, ndipo akabwerera kumudzi ankayang'ana mitambo ndi mtima wokayika, osadziwa ngati zalandiridwa. Uthenga Wabwino unatembenuza njirayo. Nsembe imene itipulumutsa inachokera kumwamba kudza pansi.

Paphiri la Gologota

Yohane Mbatizi ataona Yesu akudza kwa iye ku Yordano, anamuloza namutcha Mwanawankhosa wa Mulungu (Yohane 1:29). Mwanawankhosa wa Mulungu, ndiye kuti wochokera m'khola la wolakwiridwa. Yesu mwini anauza ophunzira ake kuti anadza kudzapereka moyo wake ukhale dipo la anthu ambiri (Marko 10:45), ndipo anafa m'nyengo ya Paskha, pamene Ayuda ankakumbukira mwanawankhosa amene mwazi wake unapakidwa pamphuthu za nyumba zao ku Ejipito.

Mwa Iye mbuzi ziwiri zija zinakumana. Mwazi wake unakhetsedwa monga wa mbuzi yoyamba, ndipo anatulutsidwa kunja kwa mzinda atasenza zoipa zathu monga yachiwiri. Iye analinso mkulu wa ansembe, koma wosasowa ng'ombe yodzitetezera yekha, popeza analibe tchimo. Pamene anatsirizika, nsalu yotchinga ya m'Kachisi inang'ambika kuyambira kumwamba kufikira pansi (Marko 15:38). Munthu akang'amba nsalu yaitali yopachikidwa ayambira pansi pamene manja ake afika. Iyi inayambira kumwamba.

Chifukwa ninji anayenera kukhala Yesu, osati mngelo kapena mneneri? Anselm, bishopu wamkulu wa ku Canterbury ku England, anasinkhasinkha funsoli m'buku limene analitsiriza mu 1098, lotchedwa Cur Deus Homo, ndiye kuti chifukwa chimene Mulungu anakhalira munthu. Maganizo ake mwachidule ndi awa: ngongole ndi ya munthu, koma munthu alibe cholipira, Mulungu ali nacho cholipira, koma ngongole si yake, motero pafunika mmodzi amene ali Mulungu ndi munthu pamodzi. Katekisma wa Heidelberg, wolembedwa mu 1563, aphunzitsa zomwezi m'mafunso 12 mpaka 18. Nkhoswe yathu iyenera kukhala munthu weniweni, chifukwa mtundu umene unachimwa ndiwo uyenera kulipira. Iyenera kukhala yolungama, chifukwa wangongole sangalipirire wangongole mnzake. Iyeneranso kukhala Mulungu weniweni, chifukwa palibe cholengedwa chimene chingasenze katundu wotere ndi kudzukanso.

Ena amakhumudwa nati, kodi si nkhanza kuti atate alange mwana wosalakwa m'malo mwa anthu ena? Kukanakhala nkhanza Yesu akanakhala munthu wachitatu wongogwidwa panjira. Koma pa Yohane 10:18 Iye anena kuti palibe womlanda moyo wake, autaya mwa kufuna kwake. Ndipo Paulo, pa 2 Akorinto 5:19, aphunzitsa kuti pamtanda paja Mulungu mwini anali mwa Khristu, akuyanjanitsa dziko ndi Iye yekha. Atate sanayambe kutikonda chifukwa Mwana anafa. Mwana anafa chifukwa Atate anatikonda tikali ochimwa (Aroma 5:8). Mfumu inagamula mlandu molungama, osachotserapo kanthu, ndipo itatha inatsika pampando nilipira yokha.

Tidziwa bwanji kuti nsembeyo inalandiridwa? Achikulire akumbukira masiku a msonkho wa pamutu, mmene munthu wokhala ndi lisiti m'thumba ankayendera pamsewu mopanda mantha, pamene wopanda lisiti ankazemba m'tchire. Kuuka kwa Yesu tsiku lachitatu ndilo lisiti lathu (Aroma 4:25). Ahebri 10 awonjezapo chizindikiro china. Ansembe akale ankatumikira chiimirire, pakuti ntchito yao siinkatha; koma Khristu, atapereka nsembe imodzi yokwanira nthawi zonse, anakhala pansi kudzanja lamanja la Mulungu. Munthu akhala pansi ntchito ikatha. M'chaka cha 70 asilikali a Aroma anagwetsa Kachisi wa ku Yerusalemu, ndipo nsembe za paguwa lija zinalekeka kufikira lero. Mpingo wa Khristu sunagwedezeke nazo, chifukwa nsembe yake inali itaperekedwa kale.

Tsono tizikhala bwanji?

Choyamba, tileke kuonjezera pa nsembe yokwanira. Tinene zoona, abale: alipo pakati pathu amene Lamulungu akhala pagome la Ambuye, koma mwana akadwala kapena malonda akavuta apita usiku ndi nkhuku kukaombeza. Alipo ena amene athamangira kwa alaliki ogulitsa mafuta ndi madzi odalitsidwa, nauzidwa kuti abzale mbeu ya ndalama kuti Mulungu awamvere. Zimenezi si zatsopano. Mu 1517 ku Germany mlaliki wina dzina lake Johann Tetzel ankagulitsa makalata ochotsera anthu chilango cha machimo, ndipo Martin Luther analemba mfundo 95 zotsutsa malonda amenewo. Mipingo yathu inabadwa m'kutsutsa kumeneko; tingabwererenso bwanji kumsika womwewo? Mwambi wakuti kupatsa nkuika ndi woona pakati pa anansi, koma Mulungu sitimkongoza. Chopereka, chakhumi ndi masika ndi zabwino ndipo mpingo uzisowa, koma ndi zikomo wa munthu womasulidwa, si mtengo womasulira.

Maganizo akuti mwayi ugulidwa ndi nsembe akakula, mapeto ake ndi oopsa. Kuyambira cha m'ma 2014 dziko lathu lamva nkhani zochititsa manyazi za abale athu achialubino ophedwa ndi anthu ofuna chuma. Makolo, tiuze ana athu momveka kuti Mulungu amene anagwira dzanja la Abrahamu kuti asaphe Isake safuna mwazi wa munthu aliyense, ndipo wokhetsa mwazi wa mnzake pofuna kulemera adziitanira chiweruzo.

Chachiwiri, mau awa ndi a inu olemedwa. Mwina munagwa, mpingo unakuikani pachilango, ndipo ngakhale munabwezedwa kalekale mukhalabe pabenchi lakumbuyo, mutu uli pansi. Mwina tchimo lanu alidziwa ndi Mulungu yekha, ndipo tsoka lililonse likagwa pakhomo mumati ndikulipira zija. Mverani: miyezi ya chilango cha mpingo ndi mankhwala obwezera wosokera, siilipira tchimo ngakhale limodzi. Misozi yanunso siilipira. Ngati mwalapa ndi kukhulupirira Khristu, mlandu wanu unapita ndi mbuzi ija kuchipululu. Musatume mtima wanu kukaifunafuna. Ndipo ife akulu a mpingo, amai a chigwirizano ndi Akhristu tonse, tisamakumbutse munthu chimene Mulungu anachichotsa.

Chachitatu, kwa inu anyamata ndi atsikana. Wina angati, popeza zonse zinalipidwa, tiyeni tidyeretu za dziko, tidzalapa tikakalamba. Munthu wolankhula chotero sanaimepo pansi pa mtanda. Mwana amene waona amai ake akugulitsa mbuzi yao yotsiriza kuti amtulutse pamlandu, kodi angapite mawa lake kukapalamula wina akuseka? Katekisma wa Heidelberg ali ndi zigawo zitatu: tsoka lathu, chipulumutso chathu, ndi kuyamika kwathu. Malamulo Khumi afotokozedwa m'chigawo chachitatucho. Timvera Mulungu chifukwa tapulumutsidwa. Nsembe yokha imene yatitsalira ndiyo ya pa Aroma 12:1, matupi athu amoyo operekedwa kwa Iye: manja osaba mayeso, lilime losanama, thupi losungidwa kufikira ukwati woyera.

Chachinai, tisasokoneze mlandu wa kumwamba ndi ngongole ya mnansi. Zakeyu atalandira Yesu m'nyumba mwake sananene kuti zonse zatha. Analonjeza kubwezera kanai aliyense amene anamlanda (Luka 19). Ngati mbuzi zathu zinadya mbeu za mnzathu, tikalipire. Ngati tinasuntha malire a munda, tikabweze. Ndipo ife tikalakwiridwa, tikumbuke mmene Mulungu anachitira nafe. M'mabanja ambiri muli abale amene salankhulana zaka zambiri, aliyense akudikira kuti mnzake ndiye ayambe kubwera ndi nkhuku ya chipepeso. Mkhristu ndiye ayenera kuyamba kunyamuka, angakhale ndiye wolakwiridwa. Kudzamuwawa, inde, pakuti taona kale kuti wokhululuka ndiye asenza mtengo. Koma potero afanana ndi Atate wake.

Tikupemphani, makolo, kuti Mgonero ukudzawu usanafike musonkhanitse ana anu madzulo awiri mutatha kudya. Tsiku loyamba muwerenge Levitiko 16, ndipo ana afotokoze okha ntchito ya mbuzi iliyonse. Tsiku lachiwiri muwerenge Ahebri 9 ndi 10, ndipo muwafunse kuti nsembe ya pa Gologota anabwera nayo ndani. Mwana amene adziwa kuyankha funso limeneli ali nacho chomgwiriziza pa tsiku la kugwa ndi pa tsiku la imfa. Ndipo pofika pagome la Ambuye, tonse tione kuti manja athu afikapo opanda kanthu, ndi kuti mkate ndi chikho tichita kulandira.

Ambuye akudalitseni inu ndi a m'nyumba mwanu, kufikira tidzachezenso mwezi wamawa.